A Bukulikuti a pa Ngabu

Pa Ngabu panali wakabaza mmodzi yekha amene ukamuimitsa sankafunsa kumene ukupita, ankayamba wafunsa chimene ukukachitako. Dzina lawo la ubatizo linali Lazaro, koma ankalidziwa ndi abusa ndi a kuchipatala basi. Enafe tinkawatchula a Bukulikuti, chifukwa bambo ameneyu sankatsegula pakamwa osayamba ndi mawu akuti "bukuli likuti." Ngakhale moni weniweniyu, ukawapatsa uli pa liwiro, ankakuuza kuti bukuli likuti wopereka moni akuyenda safuna yankho.

Mkazi wawo Evelesi ankati iye sanakwatiwe ndi a Bukulikuti ayi, anakwatiwa ndi Lazaro, ndipo Lazaroyo anamulanda ndi katoni. Ankanena zoona. Pa unyamata wawo a Lazaro anali chiphona chodula nzimbe ku esiteti ya shuga, munthu woti akagwira chikwanje anzake ankangoona msana ukutalikira. Evelesi anawakondera zomwezo, ndipo mlongo wake Raphael, mwini mbumba, anavomera ukwatiwo asanamve n'komwe dzina la mudzi wa kwawo kwa mnyamatayo. Kwathu kuno mkamwini amadzakhala kwa mkazi, ndipo sitimuyesa ndi nkhope, timamuyesa ndi khasu. A Lazaro anamanga nyumba pamudzi pa Evelesi, analima munda wa thonje mpaka m'malire, anakonza khola la mbuzi. Raphael akalandira alendo ankapita nawo kukaona mlamu wakeyo ngati mmene ena amaonetsera ng'ombe yonenepa.

Katoniyo inabwera mwana wawo Maureen akuyamba kumene kuyenda. Bwana wina wa ku esiteti, posamuka, anapatsa a Lazaro katoni ya mabuku kuti akaitaye kudzala. A Lazaro sukulu analekera Fomu 2, ndipo kutaya pepala lolembedwa kunkawapweteka mtima, choncho anaisenza mpaka kunyumba. Akanakhala mabuku a ulimi kapena a Mulungu, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma anali aja olembedwa ndi anthu okhuta a kunja, amene atatopa ndi ntchito anakhala pansi n'kulemba kuti ntchito si moyo, kuti wothamanga amangofika msanga pomwe sankafuna, ndi kuti mawu opindulitsa kuposa onse ndi "ayi." A Lazaro anawerenga dzinja lonse, chala pamzere, milomo ikugwedezeka. Nyengo yodula nzimbe itafika, kapitawo anadikira chiphona chake, chiphona osabwera. Chinali pansi pa mtengo wa msawu kuseri kwa nyumba, chitagula njinga ya khushoni kumbuyo, chikuuza mkazi wake kuti bukuli likuti munthu si ng'ombe yapangolo.

Evelesi anayankha kuti ng'ombe yapangolo ili bwino, chifukwa madzulo imabwera ndi katundu.

Pa siteji ya kabaza ya pamsika anawalandira ndi manja awiri, kufikira ataona kagwiridwe kawo ka ntchito. Minibasi ikaima anzawo ankathamangira kukalimbirana zikwama za anthu. A Lazaro ankakhala pamthunzi, buku pamaondo, kudikira munthu woti awapeze yekha. Akabwera woteroyo, mlandu unkayamba.

"Kabaza, kupolisi. Changu."

"Mukukatani kupolisi, bambo?"

"Mbuzi ya neba yandidyera mapira."

"Nanga mukafikako, mapirawo akasanza ndani, mbuzi kapena wapolisi?"

"Iwe ndiwe wakabaza kapena loya?"

"Bukuli likuti ndewu zambiri munthu amapambana atakhala pansi. Khalani apa."

Bamboyo anakhaladi, poyamba kuti awatukwane bwino, kenako chifukwa mthunziwo unali wokoma. Dzuwa likupendeka anali akudyera limodzi masawu, ndipo anabwerera kwawo wapansi, osalipira kanthu poti sanakwere. Bizinesi ya a Lazaro inkayenda chomwecho. Anabweza mayi wina amene ankapita kukang'amba chibwenzi cha mwamuna wake. Anabweza mkulu wa mpingo amene ankathamangira msonkhano wokonzera msonkhano wina. Koma wodwala, mayi woyembekezera ndi munthu wopita kumaliro sankawafunsa kanthu, ankangoti kwerani, ndipo apo m'pamene unkaona kuti miyendo ya chiphona ija ikadalipo.

Dzuwa la kuchigwa kuno likafika paliwombo, lija loti abuluzi omwe amapempha madzi, a Lazaro ankakankha njinga kubwerera kunyumba kukagona pansi pa msawu. Lamulo linali limodzi, kuti asadzutsidwe ngakhale kutabwera nduna.

Mabukuwo ankawalowetsanso m'mavuto. Atawapempha ngati kholo kuti akalimbikitse ana a Fomu 4 mayeso atayandikira, anaimirira n'kuwauza kuti bukuli likuti anthu onse otchuka anayamba ndi kulephera, ndiye asachedwe, alephere msanga athane nazo. Ana anawomba m'manja mpaka fumbi kobo, ahedi anawaperekeza kugeti atawagwira pachigongono. Tsiku lina anapeza pansi pa katoniyo buku losiyana ndi anzake, lonena kuti wofuna kulemera azidzuka tambala asanalire n'kusamba madzi ozizira. Anawerenga masamba pang'ono n'kugamula kuti wolembayo sanagonepo pa Ngabu mwezi wa Okutobala, pamene tulo timabwera m'bandakucha ndipo madzi ozizira sapezeka ngakhale mumtsuko. Analiika pansi pa mwendo wa bedi umene unali waufupi, ndipo ankati mwa mabuku onse ndi lokhalo limene linagwira ntchito yooneka.

Ife tinkaseka, koma wosenza zonsezi anali Evelesi. Ankakazinga mandazi m'mamawa, n'kupita kumunda, n'kubwera kudzagulitsa pamsika, ndipo kumjigo ankafika atatopa kale. Kumeneko ndiye kunali kowawa. Akazi anzake amuna awo anali ku esiteti, ku Blantyre, ena ku Joni, akutumiza malata ndi mafoni. Wake anali pakhomo, akumugwirira lichero uku akumumasulira Chingerezi. Anzakewo ankati Evelesi anakwatiwa ndi wailesi, ndipo iye ankaseka nawo kuti asalire.

Anamenya nkhondo ndithu. Anang'amba buku lina n'kumakulungira mandazi masamba ake. A Lazaro sanakwiye, anangokhala pafupi ndi beseni kumamasulira wogula aliyense tsamba lake, mpaka mphunzitsi wina atamva tsamba lake anabweza mandazi ena, ati wazindikira kuti limodzi likumukwana. Anabisa buku lina m'khola, mbuzi inadya mutu womaliza, a Lazaro n'kulengeza kuti kuyambira tsikulo mbuziyo yasiya kutsatira zinzake. Chimene chinkamuthetsa mawu Evelesi chinali chakuti mabukuwo ankamudziwa iye. Akabwera kumunda mapazi atatupa, n'kufuna kunyamulanso ndowa, ankamva kuchokera pansi pa mtengo kuti bukuli likuti mkazi wokazinga mandazi pa Ngabu, wa mpata m'mano, akhale pansi amwe kaye thobwa. Iye ankafunsa kuti mzungu wawoyo amationera pati, koma thobwalo ankamwa, atakhala cham'mbali kuti asaoneke ngati wagonja.

Panali womvetsera wina amene sankaoneka. Mayi ake a Evelesi, a Loyce, nyumba yawo inali kuseri kwa mpanda wa bango, pafupi ndi msawu uja. Pamwambo wathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anizana ndipo salankhulana, akakumana panjira wina amapatukira patchire. Mayiwa ankalimabe msana utapindika ngati chikwakwa, ndipo a Lazaro zinkawawawa, koma akanawauza bwanji? Ndiye ankauza mtengo.

"Iwe msawu, bukuli likuti munthu amene walera mbumba yonse ndi khasu, akalipachika si ulesi."

Kuseri kwa mpanda kunkamveka kutsokomola, kenako mawu olankhula ndi chiweto. "Iwe mbuzi, ukauze mtengo kuti ine ndikapachika khasu, tizidya mabukuwo?"

Kuyambira sabata imeneyo a Loyce akapita kumunda ankapeza ndime yawo itapaliridwa kale, mame asanaume. Zaka zinapita mtengo ndi mbuzi zikutsutsana chomwecho, ndipo pamudzi ponse panalibe anthu ogwirizana ngati awiri amenewa, amene sanaonanepo m'maso.

Zinthu zinafika pamwana wakana phala chaka chimene a Lazaro analima theka la munda wa thonje. Anati bukuli likuti phindu lalikulu limachokera m'kachigawo kakang'ono ka ntchito, kotsalako n'kudzitopetsa chabe. Tsoka ilo, bukulo silinanene kuti kachigawo kake ndi kati. Iwo anasankha kumunsi, kufupi ndi khwawa, ndipo madzi osefukira atabwera anatenga theka lolimidwalo n'kusiya la udzu lili njo. Raphael, amene mtima unkamuwawabe chitayireni ng'ombe yake yoonetsa alendo, anapita kwa mlongo wake n'kumuuza kuti pamudzi pano sitiweta aphunzitsi opanda sukulu, mkamwini ameneyu abwerere kwawo. Evelesi anali atatopa, ndipo manyazi a kumjigo anali atamufika pakhosi. Anavomera kuti ankhoswe aitanidwe. Mumtima mwake sankafuna kuti banja lithe, ankangofuna kuti a Lazaro achite mantha, agwade, alonjeze kuti abwerera ku nzimbe.

Bwalo linakhala pansi pa msawu womwewo, popeza mthunzi wina panalibe. Raphael analankhula nthawi yaitali, kuyambira tsiku la katoni mpaka tsiku la madzi osefukira. Nkhoswe ya a Lazaro inali msuweni wawo Elisha, wogulitsa nsomba ku Bangula, amene anayesa kuteteza m'bale wakeyo m'Chisena, n'kuyesanso m'Chimang'anja, ndipo ataona kuti m'zinenero zonse ziwiri mulibe chonena anangopempha madzi akumwa. Atafunsidwa a Lazaro, aliyense anakonzeka kumva za buku. Iwo anangoti zimene anena alamu ndi zoona. Ankhoswe anatembenukira kwa Evelesi, ati mawu omaliza ndi ake. Evelesi anadikira kuti mwamuna wake agwade.

A Lazaro sanagwade. Anaimirira, analowa m'nyumba, anatuluka ndi katoni ija ndi chikwanje chawo chakale, n'kuyamba kuzimangirira pakhushoni ya njinga ndi chingwe cha mphira. Mkamwini akachotsedwa amasiya nyumba, ana ndi mitengo yonse imene anabzala, amangotenga za m'manja. Evelesi anaona mmene ankamangira, modekha ngati akupita kumsika, ndipo anazindikira kuti akupitadi. Anachita mantha enieni.

Kuseri kwa mpanda kunamveka kutsokomola. "Iwe mbuzi, tawafunsa anthu awa ngati akumudziwa amene amandipalirira ndime."

Raphael anayamba kuyang'ana nyerere pansi, pakuti mudzi wonse unkaganiza kuti ndi iye, ndipo iye anali asanatsutsepo. Koma a Lazaro anali atayamba kale kukankha njinga. Evelesi anadzambatuka, anawadutsa, n'kukagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Kabaza."

"Mayi."

"Mukupita kukatani?"

"Ndikupita kwathu."

"Sindinafunse kumene mukupita. Mukukatani kumeneko? N'zofunika?"

A Lazaro anacheukira katoni. "Bukuli likuti munthu asakakamire pomwe sakumufuna."

"Tsamba liti? Tsegulani ndione."

Aliyense pabwalopo ankadziwa kuti Evelesi Chingerezi sachidziwa, akanatha kumuonetsa tsamba lililonse. A Lazaro anagwira chingwe cha mphira, n'kuchisiya. Anayang'ana mkazi wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerereni katoniyo anasowa mzungu wowalankhulira.

"Pamenepo palibe buku linanenapo, mayi a Maureen."

"Ndiye khalani apa."

Anakhala. Elisha anathokoza m'Chisena kuti takhuta, n'kufunsa ngati thobwa latsala. Raphael anati iye amangofuna chilungamo, n'kunyamuka msanga asanafunsidwe za ndime ija.

Musaganize kuti a Bukulikuti anasintha. Chaka chotsatira analima munda wonse, ati apeza buku lonena kuti mkazi akakugwira chiwongolero uzimumvera, koma pa siteji anapitiriza kubweza makasitomala, ndipo masana ankagonabe. Evelesi nayenso sanasiye kudandaula, kunali ngati kupuma kwake. Chinasintha n'chakuti akazi anzake akayamba za wailesi kumjigo, iye ankawafunsa kuti awo a ku Joni aja anawagwirirapo lichero liti. Amuna ena anabwerako ndi malata, ena anabwerako ndi akazi ena, ena sanabwereko konse. A Loyce pomaliza anapachikadi khasu, anakhala zaka zingapo akukangana ndi mtengo ali khale pamphasa, ndipo atamwalira, a Lazaro analira kuposa ana awo enieni. Anatha mwezi osawerengera msawu kanthu.

Ukalamba unawapeza ali pa siteji yomweyo, njinga zamoto zitalanda msika. Anyamata a njingazo ankawaseka kuti ndi agogo a kabaza, koma mafuta akasowa kapena chibwenzi chikavuta ankabwera okha pamthunzi kudzamva kuti bukuli likuti chiyani. Katoni inatha ndi chiswe, Evelesi yemweyo n'kuwapatsa sutikesi yake ya paukwati kuti asungiremo mabuku, uku akunena kuti akungoteteza bedi ku chiswecho.

Anamwalira chaka chathachi, mwezi wa Novembala, mvula isanagwe. Anabwera masana monga mwa nthawi zonse, anatsamiritsa njinga pamtengo, anagona pamphasa buku lili pachifuwa. Evelesi anali pambali pawo akusankha nandolo, pakuti anali atazolowera kukhala pansi nthawi imeneyo. Anawauza za kukwera mtengo kwa mafuta ophikira, za mbuzi ya Raphael, za Maureen amene sakuimba foni, ndipo anakondwa kuti lero akulankhula popanda buku lomudula mawu. Palibe anawadzutsa, poti lamulo linali lomwe lija. Mthunzi unasuntha, dzuwa linawafika kumaso, ndipo iwo amene ankadana ndi dzuwa kuposa ntchito sanatembenuke. Evelesi anaika lichero pansi, anawagwira dzanja, n'kukhala chomwecho kanthawi asanaitane munthu.

Pamaliro pawo anyamata a kabaza anazimitsa njinga zawo zamoto n'kuzikankha kuyambira pamsika mpaka kumanda, thukuta lili kamukamu, ati a Bukulikuti sangaperekezedwe pa liwiro. Bambo wa mapira uja anabwera ndi neba wake yemwe uja, onse imvi zili mbuu. Raphael, polankhula m'malo mwa banja, anati mlamu wakeyo anali waulesi wolimbikira kuposa onse amene iye anawaonapo, n'kukhala pansi.

Anthu atabalalika, Maureen, amene tsopano ndi namwino ku Chikwawa, anaona mayi ake atakhala pansi pa msawu akuyang'ana sutikesi. Anaitsegula, anatenga buku limene linali lothaitha kuposa onse, n'kuyamba kuwamasulira kuti awatonthoze. Maureen Chingerezi amachidziwa bwino, ndipo anamasulira mokhulupirika. Zinali za mabwana a m'maofesi, misonkhano yambirimbiri, ndi mmene munthu angazimitsire foni pa tchuthi. Evelesi anamvetsera tsamba lonse, kenako anati apeze paja pa mkazi wokazinga mandazi. Maureen anatsegula uku ndi uku, anayesa buku lina, koma osapapeza. Pomaliza anawauza motsitsa mawu kuti zimenezo mulibe.

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero Evelesi. "Ukuyesa ndinali wopusa? Mzungu angaudziwe bwanji mpata wa m'mano mwanga? Ndimangofuna ndimve ngati ungathe. Tseka."

Masiku ano pa Ngabu ukaimitsa kabaza umafika kumene ukupita usanamalize n'komwe kuganiza. Anyamatawa ndi achangu, amakufikitsa kupolisi mkwiyo usanazizire, ndipo milandu ya mbuzi yachuluka. Pamthunzi paja pa siteji amaimikapo njinga zamoto, ndipo ife tikamadutsa timachepetsa liwiro osadziwa chifukwa chake. Tawasowa a Bukulikuti, ndipo msika ukuoneka waphokoso kuposa kale.

Evelesi akukazingabe mandazi. Koma dzuwa likafika paliwombo amavundikira beseni ndi nsalu, ngakhale ogula ali pamzere, n'kunyamuka kupita kukakhala pansi pa msawu. Mlendo wina wa pa minibasi, ndalama ili m'manja, anamufunsa tsiku lina kuti bizinesi yotere anaiphunzira kuti. Ife amene tinali pafupi tinatchera khutu, poganiza kuti timva mawu aja tinawazolowera. Evelesi anasenza beseni, n'kumangira bwino chitenje.

"A Lazaro ankati ndizikhala pansi," anatero, n'kumapita.